Mphekesera za mabowo atsopano olumikizira pa matabuleti: mafunso ndi mayankho

Matabuleti atsopano akatsala pang'ono kutuluka, pa intaneti pamadzaza manong'onong'o. Uyu akuti pabwera polowetsa memori khadi, uyo akuti mabowo a USB-C, pochajira pa mafoni ndi matabuleti ambiri a masiku ano, akhala awiri, winanso akulumbira kuti pochajira pachotsedweratu. Nkhanizi si zachibwana ayi. Tabuleti ndi yodula, ndipo kabowo kakang'ono ka m'munsi kaja ndi kamene kamalamula chaja chimene mugule, fulashi imene ilowe, ndi ngati chipangizocho chidzakutumikirenibe zaka zisanu zikubwerazo. Mayankho ali m'munsiwa atsamira kwambiri pa iPad ya Apple, chifukwa ndiyo yasintha pochajira kawiri konse, ndipo mphekesera zake zili ndi mbiri yaitali yoti munthu n'kuiyeza.

Makampani amabisa zinthu zawo. Ndiye mphekeserazi zimachokera kuti?

Tabuleti sipangidwa ndi kampani imodzi. Sikirini ichokera kwina, batire kwina, kabowo kochajira kwinanso, ndipo zonsezi zimakasonkhanitsidwa m'mafakitale a ku China, Vietnam kapena India. Chinthu chodutsa m'manja ochuluka chonchi sichingabisike chonse.

Oyamba kutulutsa chinsinsi kawirikawiri ndi opanga makava. Iwowa amafuna kuti tsiku limene tabuleti ikutuluka kava yawo ikhale ili kale pamsika, choncho amasakasaka miyeso ya chipangizocho nthawi isanakwane. Munthu akaona kava ili ndi chiboo pamalo achilendo, nkhani yayamba. Palinso akatswiri otsata makampani opanga zipangizo, monga Ming-Chi Kuo wa ku Taiwan, ndi atolankhani monga Mark Gurman wa Bloomberg, amene amamva kwa anthu a mkati. Ena amafufuza m'mapulogalamu oyeserera amene kampani yapereka kwa opanga ma app, n'kupeza mizere yotchula zinthu zimene sizinalengezedwe. Ena amawerenga zikalata zimene kampani imapereka ku mabungwe a boma, monga FCC ya ku America, isanaloledwe kugulitsa.

Gwero lofooka kuposa onse ndi ma patent, zikalata zimene kampani imalembetsa ku boma kuti ena asaibere maganizo ake atsopano. Makampani akuluakulu amalembetsa maganizo ambirimbiri chaka chilichonse, ndipo ochuluka amathera pa pepala pomwepo. Mukaona nkhani yonse yaima pa chojambula cha patent, musaiwerengere.

Kodi zinachitikapo kuti anthu anayembekeza bowo latsopano koma osabwera?

Kambirimbiri, ndipo chitsanzo chabwino ndi iPad 2. iPad yoyamba inatuluka mu 2010 ili ndi pochajira pamodzi potambalala, pa mapini 30, pomwe paja panali pa iPod, kachipangizo ka Apple komvera nyimbo, kuyambira 2003. Wofuna kulowetsa zithunzi za mu kamera ankagula padera Camera Connection Kit, timaadaputa tiwiri, kena ka USB kena ka SD khadi. Anthu ambiri zimenezi sizinawasangalatse. Ndiye kumapeto kwa 2010 ndi kuchiyambi kwa 2011, zithunzi za makava a iPad yachiwiri zitayamba kuoneka zili ndi ziboo zoonjezera, aliyense anaikamo chimene mtima wake unkafuna. Ena anati apa padzakhala SD khadi, ena anati USB, ena Mini DisplayPort yolumikizira ku sikirini yaikulu.

Pa 2 March 2011 Steve Jobs, mkulu wa Apple nthawi imeneyo, anaonetsa iPad 2. Pochajira panali pomwe paja pa mapini 30. SD khadi panalibe, USB panalibe. Chiboo chachikulu chakumbuyo kumunsi chinali cha sipika. Wofuna kuonetsa zinthu pa TV anauzidwa kuti agule adaputa ina ya HDMI.

Makava aja sananame. Miyeso yake inali yolondola ndithu. Cholakwika chinali kumasulira kwa anthu, ndipo ndi mmene zimakhalira mpaka lero.

Chitsanzo china n'cha December 2019, pamene Kuo ananena kuti iPhone yapamwamba ya 2021 idzakhala yopanda bowo lililonse. Chaka cha 2021 chinadutsa Lightning, pochajira pa Apple pa nthawiyo, ikadalipo, ndipo mu 2023 iPhone 15 inabwera ndi USB-C. Palinso nkhani ina yophunzitsa: mu 2012 pa eBay, msika wa pa intaneti, panagulitsidwa iPad yoyeserera ya mtundu woyamba yokhala ndi mabowo awiri a mapini 30, lina m'munsi lina m'mbali. Izi zikusonyeza kuti Apple inaliganiziradi bowo lachiwiri mpaka kulipanga, koma inadzalisiya. Munthu amene akanaiona m'fakitale n'kukauza anzake sakananama, komabe zimene akananenazo sizikanachitika.

Nanga zimene zinapherezera?

Zilipo. M'chaka cha 2012 nkhani inali ponseponse yoti Apple isiya bowo lotambalala lija. Malipoti ambiri ankati latsopanolo lidzakhala ndi mapini 19. Mu September linabweradi, dzina lake Lightning, koma la mapini 8, lolowa mbali iliyonse. Mwezi wotsatira linafika pa iPad mini ndi iPad ya m'badwo wachinayi. Amene anagula iPad yachitatu mu March chaka chomwecho anapezeka kuti pakangotha miyezi isanu ndi iwiri chipangizo chawo chatsalira ndi bowo lakale.

Mu 2018 Kuo yemweyo ananeneratu kuti iPad Pro isamukira ku USB-C, ndipo mu October zinaterodi.

Mukayang'ana zonsezi muona kuti mphekesera zimakhoza pa nkhani yaikulu, yoti bowo lisintha, makamaka kukatsala milungu yochepa, chifukwa nthawi imeneyo mafakitale amakhala atayamba kale kupanga. Zimaphonya pa tsatanetsatane, ndiponso zikamanena za zaka ziwiri kutsogolo.

Kodi pangabwere bowo la mtundu watsopano, losiyana ndi USB-C?

Posachedwapa ayi, ndipo chifukwa chake ndi lamulo. Pa 4 October 2022 nyumba ya malamulo ya European Union inavomereza, ndi mavoti 602 kwa 13, kuti mafoni, matabuleti, makamera, mahedifoni ndi zina zotere zogulitsidwa m'maiko ake zizichajidwa ndi USB-C. Lamuloli, Directive 2022/2380, linayamba kugwira ntchito pa 28 December 2024, ndipo malaputopu anapatsidwa mpaka 28 April 2026. Likunenanso kuti chipangizo chochaja ndi mphamvu yoposa mawati 15 chizitsatira njira ya USB Power Delivery, kuti chaja cha kampani ina chisamachaje mochedwa dala.

Lamuloli ndi la ku Ulaya, koma kampani singawononge ndalama kupanga tabuleti ina ya ku Ulaya ndi ina ya kwina. Choncho ngakhale ife amene timagula ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg tikudya nawo phindu lake. Kampani ili ndi ufulu woonjezera bowo lakelake pambali, koma USB-C iyenera kukhalapo. Mukamva kuti kampani yakuti ikubweretsa pochajira pachilendo m'malo mwa USB-C, dziwani kuti wolembayo sanaliwerenge lamulolo.

Ngati bowo ndi lomwelo, ndiye chatsopano n'chiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ogula ambiri amapusitsika. USB-C, imene ndondomeko yake inatuluka mu August 2014, ndi maonekedwe chabe a bowo la mapini 24. Zimene zikudutsa mkatimo zimasiyana kutalitali. Zili ngati mipopi iwiri yofanana pakamwa, wina madzi akungodontha wina akuthovoka.

Taonani ma iPad okha. iPad Air ya 2020 ndi iPad mini ya 2021 zimatumiza mafayilo pa liwiro la 5 Gbps. iPad Air ya 2022 inafika pa 10 Gbps. iPad Pro kuyambira ya 2021, ya chipu cha M1, ili ndi Thunderbolt, njira yothamanga kwambiri yodutsa m'bowo lomwelo la USB-C, ya 40 Gbps. Koma iPad wamba ya m'badwo wa 10, imene inalandira USB-C mu October 2022 anthu n'kuombera m'manja, liwiro lake ndi la USB 2.0, 480 Mbps (osafika n'theka lomwe la 1 Gbps), chimodzimodzi Lightning imene inachotsedwayo. Mukaziika patebulo n'kuyang'ana m'munsi mwake simungasiyanitse. Koma vidiyo ya 10 GB, powerengera pa pepala, imatenga pafupifupi mphindi zitatu pa 480 Mbps ndi masekondi 8 pa 10 Gbps. Kwa wojambula maukwati amene akukopera makhadi atatu usiku umodzi, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Chachiwiri ndi kutulutsa chithunzi ku sikirini ina kapena purojekita. Matabuleti a Samsung a gulu la Galaxy Tab S apamwamba amatha, ndipo ali ndi DeX imene imapangitsa tabuleti kuoneka ngati kompyuta. Matabuleti ambiri otchipa a Android, ngakhale ali ndi USB-C, satulutsa chithunzi kudzera pa chingwe. Mphunzitsi amagula adaputa ya HDMI, kulowetsa bwinobwino, pakhoma osaoneka kanthu, n'kumaganiza kuti adaputa ndi yakufa, chonsecho tabuletiyo ndiyo ilibe luso limenelo.

Chachitatu ndi pulogalamu yoyendetsa chipangizo. iPad Pro ya 2018 inabwera ndi USB-C yamphamvu, koma ukalowetsa fulashi sunkatha kutsegula mafayilo ako monga umachitira pa kompyuta. Zinatheka patapita chaka, iPadOS itatuluka mu 2019. Bowo linalipo, chilolezo ndiye panalibe.

Choncho mphekesera zofunika kuzitchera khutu masiku ano ndi za liwiro. Thunderbolt 5, imene Intel inalengeza mu September 2023, imafika 80 Gbps, ndipo anthu amakamba zoti idzafika pa matabuleti apamwamba. Kwa ine, nkhani yokhudza anthu ambiri si imeneyo. Chofunika n'choti matabuleti otchipa achoke pa 480 Mbps, liwiro la m'chaka cha 2000.

Bwanji osangoika mabowo awiri?

Ena anaika kale. Surface Pro 8 ya Microsoft, ya 2021, ili ndi mabowo awiri a Thunderbolt 4. Lenovo Legion Y700 ya 2023 ili ndi USB-C m'munsi ndi ina m'mbali, kuti wosewera magemu azichaja chingwe chisakumupinga m'manja. Lenovo yomweyo mu 2021 inatulutsa Yoga Tab 13 yokhala ndi micro HDMI yolandira chithunzi, moti tabuleti imasanduka sikirini yachiwiri ya laputopu.

Apple inasankha njira ina. Bowo lachiwiri inaliika pa Magic Keyboard ya 2020, ndipo ndi lochajira basi. Kunena zoona pali vuto la malo: iPad Pro ya mainchesi 13 ya 2024 ndi yopyapyala mamilimita 5.1, ndipo bowo lililonse limalanda malo a batire ndi masipika. Koma palinso malonda. Kampani yogulitsa kiyibodi ndi maadaputa ilibe changu chokupatsani bowo laulere. Ine ndikanakonda tabuleti yonenepako pang'ono yokhala ndi mabowo awiri, chifukwa kuchaja uku ukuwerenga fulashi si chinthu chapamwamba, ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Timadontho titatu tachitsulo timene tili kumbuyo kapena m'mbali ndi tachiyani?

Pa iPad timatchedwa Smart Connector, ndipo tinayamba ndi iPad Pro ya 2015. Kiyibodi imamatirira ndi maginito n'kumalandira moto ndi kutumiza zimene mukulemba kudzera pamenepo, popanda Bluetooth kapena batire yakeyake. Samsung ili ndi tofanana nato, ndipo Pixel Tablet ya Google ya 2023 imachajira pa timadontho totere ikakhala pa sipika yake. Mu 2022 tsamba la ku Japan la Mac Otakara linalemba kuti iPad Pro ibwera ndi zolumikizira zatsopano za mapini anayi. Itatuluka mu October, timadontho tinali titatu tomwe tija.

Kodi kukubwera tabuleti yopanda bowo n'limodzi lomwe?

Lamulo la ku Ulaya lija silikuletsa, chifukwa limakhudza zipangizo zochajidwa ndi chingwe. Matabuleti ochaja popanda chingwe aliponso kale, monga Huawei MatePad Pro ya 2019 ndi Amazon Fire HD 8 Plus ya 2020, ngakhale onsewa anasunga USB-C. Mphekesera zoti iPad Pro idzakhala ndi galasi kumbuyo kuti izichaja motero zinamveka kwambiri mu 2021 ndi 2022, koma ma iPad Pro a 2022 ndi 2024 anabwera ndi aluminiyamu monga kale.

Zifukwa zake n'zomveka. Moto wopanda chingwe sudutsa bwino pa chitsulo, galasi lalikulu chonchija ndi lolemera komanso losachedwa kusweka, ndipo batire ya tabuleti ndi yaikulu moti ingatenge nthawi yaitali kudzaza. Mbali ina ya moto imatayikanso ngati kutentha. Kwa munthu wa ku California izi n'zazing'ono. Kwa amene akuchajira pa pawa banki kapena pa sola yaing'ono magetsi atazima, moto wotayikawo ndi ola lathunthu la kuwerenga. Komanso tabuleti ikazima osafuna kuyaka, wokonza amaidzutsa poilumikiza ku kompyuta ndi chingwe. Bowo likachoka, mwayi wokonzetsa pafupi umachepa. N'chifukwa chake mphekesera imeneyi sindiilakalaka kuti ipherezere.

Aliyense akukamba za zobwera. Nanga zimene zikuchotsedwa?

Funso ili ndi lofunika kuposa ena onse, ndipo silifunsidwa mokwanira. Pa zaka zapitazi matabuleti ataya mabowo ambiri kuposa amene apeza.

Polowetsa mahedifoni, pa mamilimita 3.5, panachoka pa iPad Pro mu 2018 ndi pa Galaxy Tab S5e mu 2019. iPad yomaliza kukhala napo, ya m'badwo wa 9, inasiya kugulitsidwa ndi Apple mu May 2024, ndipo inalinso yomaliza ya Lightning. Mwana wa sukulu amene ankamvera maphunziro ndi mahedifoni otchipa a pamsika tsopano ayenera kugula adaputa kapena a Bluetooth, amenenso amafuna kuchaja.

Mwezi womwewo wa May 2024, iPad Pro ndi iPad Air zatsopano zinabwera zopanda polowetsa SIM khadi. Zimagwiritsa eSIM yokha, SIM yomangidwira m'kati mwa chipangizo imene kampani ya netiweki imaitsegula popanda khadi. Ngati mbale wanu ku Britain kapena ku South Africa akufuna kukutumizirani yotere, yambani mwafunsa kampani ya netiweki yanu ngati imapereka eSIM yogwira pa tabuleti. Kupanda kutero mulipira ndalama zoonjezera pa chipangizo chimene chizingodalira Wi-Fi.

Memori khadi nayo: iPad sinakhalepo ndi polowetsa microSD chiyambire 2010, ngakhale mphekesera yake imabwerabwera. Matabuleti ambiri a Samsung ndi Lenovo akadali napo. Kumene bandulo ndi yodula ndipo anthu amagawana mavidiyo ndi mabuku pamanja, kabowo kameneka n'kamtengo wapatali kuposa Thunderbolt.

Ndili ndi tabuleti ya Lightning kapena micro-USB, pochajira pakale pa Android. Kodi yatha ntchito?

Ayi. Zingwe zake zidzapezekabe kwa zaka zambiri. Chimene chimakalambitsa tabuleti msanga ndi kusiya kulandira mapulogalamu atsopano ndi kufooka kwa batire, osati bowo. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani chaka chimene inatuluka ndipo muone ngati ma app amene mukufuna akulowabe.

Chenjezo limodzi kwa ofuna cholembera. Apple Pencil yoyamba imachajidwa poibaya m'bowo la Lightning. iPad ya m'badwo wa 10 imagwira ndi cholembera chimenechi koma ilibe Lightning, moti pamafunika kaadaputa kapadera ndi chingwe kuti zilumikizane. Musagule cholembera musanatsimikize kuti chikugwirizana ndi iPad yanu.

Chingwe chilichonse cha USB-C chingagwire?

Kulowa chilowa, koma ntchito yake n'kusiyana. Chingwe wamba chimanyamula mpaka mawati 60, zimene zimakwanira matabuleti ambiri. Zopitirira apo, mpaka 100 kapena 240, zimakhala ndi kachipu mkati kodziwitsa chaja mphamvu yake. Pa liwiro, zingwe zambiri zobwera m'bokosi ndi za 480 Mbps basi, ngakhale tabuletiyo ikhale ya Thunderbolt. Wofuna liwiro agule chingwe cholembedwa 10 Gbps kapena 40 Gbps.

Zingwe zachinyengo ndi zoopsa. Injiniya wa Google, Benson Leung, anayamba kuyesa zingwe za pa Amazon mu 2015 n'kupeza zambiri zosatsata ndondomeko, ndipo mu 2016 chimodzi cholumikizidwa mawaya molakwika chinamuwotchera laputopu yake ya Chromebook Pixel. Palinso matabuleti otchipa amene ali ndi bowo la USB-C koma sachaja ndi chingwe cha USB-C mbali zonse, amafuna chokhala ndi mutu waukulu wakale mbali inayo. Opanga anasiya timaresisita tiwiri tating'ono mkati. Yesani zingwe zonse ziwiri musanalipire.

Pochajira pangayambe kuvuta chifukwa chiyani?

Tengani tochi muunike m'bowo la USB-C. Pakati muona kalilime kopyapyala, ndipo mapini onse ali pamenepo. M'mbali mwake mumadzaza fumbi ndi ulusi wa m'chikwama, ndipo nthawi iliyonse mukalowetsa chingwe mumazitsendera mkati mpaka zimauma gwa. Kenako chingwe chimayamba kugwedera, osamveka kuti thapu, ndipo chimachaja pokhapokha mutachipendeketsa. Ambiri amathamangira kugula chaja china. Zimitsani tabuleti, tengani kamtengo kotokosera m'mano, kasongoleni kapyapyale, ndipo mutokose pang'onopang'ono mozungulira kalilimeko osakakankha. Singano kapena pini ayi, zimakanda mapini ndipo zingachititse shoti.

Ndondomeko ya USB-C imati bowo lipirire kulowetsa ndi kutulutsa ka 10,000. Chimene chimalipha msanga ndi kugwiritsa tabuleti ili pa chaja mutaitsamiritsa pamimba kapena pa pilo, mutu wa chingwe utapindika. Pa ma iPad ambiri a Lightning, pochajira anapawotcherera ku bodi yaikulu, ndipo kuti wokonza afikepo ayenera kumatula sikirini yomatidwa ndi guluu. Ntchito yake ndi yodula ndipo sikirini ikhoza kusweka pomatulapo.

Ndiye ndidikire mtundu watsopano kapena ndigule umene ulipo?

Ngati chimene mukudikira ndi bowo latsopano limene mwamva pa intaneti, gulani umene ulipo. Kusintha kwakukulu, kuchoka ku Lightning ndi micro-USB, kunachitika kale. Kudikira kuli ndi phindu pokhapokha kampani italengeza tsiku la mwambo wake ndipo kwatsala milungu yochepa, chifukwa mtundu watsopano ukatuluka wakale umatsika mtengo.

Popita kukagula, tengani fulashi yanu, mahedifoni anu ndi chingwe chanu. Pa tsamba la kampani fufuzani mzere wonena za USB muone ngati palembedwa 2.0 (yochedwa) kapena 3.2 (yothamanga), ndiponso ngati patchulidwa DisplayPort, imene imatulutsa chithunzi ku sikirini ina. Yang'anani m'mbali ngati muli kathireyi ka SIM ndi microSD. Kenako pemphani wogulitsa kuti mulowetse fulashiyo pomwepo, mutsegule fayilo imodzi, ndipo muone chizindikiro cha batire chikusonyeza kuti moto ukulowa musanatulutse ndalama.